Opera ndi zisudzo pa sikirini ya kanema: ndapitako kangapo, ndikupereka nyenyezi 4 pa 5

Ndakhala ndikufuna kulemba izi kalekale koma mashifiti sandipatsa mpata, ndiye lero poti ndili pa holide ndati ndikhale pansi. Anzanga angapo a kwathu amene tili nawo kuno ku England amandifunsa kuti kodi zimene mumakaonera ku kanema Loweruka madzulo zija ndi chani, filimu ayi, mpira ayi, nanga ndi chani. Ndi zisudzo ndi opera zimene amajambula pa siteji ku London kaya ku New York n'kumazionetsa m'maholo a kanema, zina nthawi yomweyo pamene akusewera, zina zojambulidwa kale. Ine ndimapita ku kaholo kakang'ono ka m'tauni yathu ino ku Midlands, dzina sinditchula chifukwa ndili ndi madandaulo pang'ono ndipo sindikufuna mwana wa eni ake akadzudzulidwe ku ofesi chifukwa cha ine.

Anandikokera ndi mnzanga wa ku South Africa amene tinkagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Anabwera ndi foni m'manja akuti iwe, mtsikana wa kwathu akuimba ku New York ndipo aonetsa pompano m'tauni muno, tiye. Mtsikana wakeyo ndi Pretty Yende wa ku Piet Retief, yemwe uja anadzaimba pa mwambo woveka ufumu Charles mu 2023, koma nthawi imeneyo inali March 2019 ndipo ine dzinalo ndinali ndisanalimvepo. Kunena zoona opera ndinkangoiona ngati zinthu za azungu olemera, mayi wonenepa akukuwa mpaka galasi kusweka, basi. Ndinapita chifukwa cha mnzangayo, ndipo ndinakokanso bambo a kunyumba, omwe anavomera poganiza kuti tikukaonera filimu yeniyeni.

Chinthu choyamba chimene muyenera kudziwa ndi nthawi. A Metropolitan Opera, nyumba yaikulu ya opera ya ku New York, amasewera Loweruka masana cha m'ma 1 koloko ku New York, ndiye kuno imakhala 6 koloko madzulo, nthawi yabwino kwa amene wagwira ya m'mawa. Anayamba zoulutsira m'makanemazi mu December 2006, ndipo a National Theatre ya ku London anatsatira mu 2009. Tinafika mochedwa pang'ono tikuganiza kuti pakhala zotsatsa malonda za theka la ola monga zimakhalira ndi mafilimu, aaa ayi ndithu, tinapeza sikirini ikuonetsa kale anthu a ku New York akukhala pa mipando yawo, oimba zida akuchuna zida zawo, ifeyo n'kumapondaponda agogo mu mdima kufuna mipando yathu. Ndikati agogo ndikunena zoona, m'holo monse imvi zokhazokha, akuda tinali atatu basi, ndipo ochepera zaka 50 mwina tinalinso ife tomwe.

Opera yake inali La Fille du Régiment ya Donizetti, ya m'Chifalansa, koma musade nkhawa, pansi pa sikirini amalemba mawu m'Chingerezi. Nkhani yake ndi yosavuta ngati ya Tikuferanji: mwana wamkazi anatoledwa ali khanda n'kuleredwa ndi gulu lonse la asilikali, onsewo amawatcha bambo, wakula wakonda mnyamata wa kumudzi, kenako kukubwera mayi wina wolemera kudzamutenga akuti ndine azakhali ako, pomwe ndi mayi ake omubereka. Yende anatulukira atavala buluku la asilikali akusita zovala zamkati za gulu lonse, kenako akusenda mbatata, uku akuimba mawu okwera mpaka kumwamba osapuma ngakhale pang'ono. Pamenepo ndi pomwe ndinakhala tsonga. Kamera inamuyandikira mpaka kuona thukuta pamphumi ndi mmene nthiti zimatukukira akamakoka mpweya, ndipo mnzanga anandinong'oneza kuti anthu amenewa saimbira pa maiki yokweza mawu, holo ya anthu oposa 3,000 imamva mawu a pakhosi pake basi, pamwamba pa zitoliro ndi mavayolini onse aja. Ine ndinakulira mu kwaya ya Chigwirizano ndiye ndikudziwa kuti kuimba utaimirira chilili ndi ntchito kale, nanga uku ukuthamanga ndi ndowa?

Pakati pa zolankhula zake anaponyamo Chizulu, mnzanga uja anakuwa n'kuseka yekha m'holo monse, agogo onse kutembenuka. Kenako mnyamata wake, Javier Camarena wa ku Mexico, anaimba nyimbo ija yotchuka yokhala ndi mawu okwera kwambiri 9 otsatizana, anthu ku New York anaomba m'manja osaleka mpaka anaibwereza yonse. Apa ndiye panali chinthu chodabwitsa chimene mpaka lero sindinachizolowere. Pa sikirini anthu aimirira akukuwa, ife m'holo mwathu zii ngati pa maliro, wina kuomba kawiri n'kusiya mwamanyazi poti woimbayo sakukumva. Ine manja anali atanyamuka kale, nthungululu ili pakhosi, ndinangoimeza.

Ndipo apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa pang'ono chifukwa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni. Amene munaonerako Kwathu Drama Group ku French Cultural Centre ku Blantyre Lamlungu masana mukudziwa chimene ndikunena. Kumene kuja woonera amasewera nawo, munthu woipa akalowa pa siteji anthu amamukuwiza, wina kumbuyo amaponya mawu oti holo yonse igwe ndi phwete, ndipo malemu Eric Mabedi amatha kuima n'kumuyankha pomwepo. Za malemu Du Chisiza ndi Wakhumbata ndinazionera ndili wamng'ono koma ndimakumbukabe kutentha kwa m'holo ndi phokoso lake. Pa sikirini zimenezo palibe. Umaona bwino kuposa amene walipira mpando wakutsogolo ku New York, nkhope yonse, misozi, ngakhale ulusi wa pa malaya, koma wosewerayo sakudziwa kuti uliko, ndiponso kamera ndi imene imakusankhira poyang'ana. Nthawi ina ndinkafuna kuona msilikali wina wa kumbuyo amene amachita zoseketsa koma kamera inathamangira kwa woimba wamkulu. Ndiye musapite mukuganiza kuti mukukalowa mu sewero, mukukasuzumira pa windo, kungoti windo lake ndi labwino zedi.

Chimene chinandisangalatsa mosayembekezera ndi buleki. Imakhala yaitali, pafupifupi theka la ola, ndipo m'malo mongozimitsa amakuonetsa kuseri kwa katani, amuna ovala zakuda akukankha makoma ndi mapiri a pa siteji ngati akusamutsa nyumba, oimba akufunsidwa mafunso ali wefuwefu thukuta lisanaume. Bambo a kunyumba, omwe anali atagona kuyambira mphindi 20 zoyambirira, anadzuka nthawi imeneyi n'kunena kuti izi ndiye zooneka, kenako akuti, mayi, kodi aimbanso? Ndinati inde bambo, theka lina likubwera. Anangopumira m'mwamba n'kupita kukagula mbuliwuli, zomwe sanathe kudya chifukwa atangoyamba kutafuna gogo wina wa kutsogolo anawayang'ana ndi diso loti ngakhale ine ndinachita mantha. Langizo laulere: idyani musanapite, m'menemo ngakhale pepala la switi limamveka ngati mvula pa malata.

Tsopano madandaulo, ndipo onse ndi a holo yathuyi osati a ojambula. Tsiku loyamba lomwelo, theka lachiwiri litangoyamba, chithunzi chinauma n'kusweka timabokositimabokosi ngati dishi ya kunyumba kukagwa mvula yamphamvu, mawu n'kuzima. Tinakhala mu mdima mwina mphindi zisanu popanda wobwera kudzatiuza kalikonse, mpaka bambo wina wa ndodo anadzuka yekha kukasaka wantchito. Zitabwerera nkhani inali itapita patsogolo, poti za live sabweza m'mbuyo. Potuluka mnyamata wa pakhomo anangoti pepani ndi mphepo, palibe ndi kakuponi komwe. Ulendo wina sikirini anaitchera molakwika moti mzere wachiwiri wa mawu omasulira unkadukira pansi, ndiye umawerenga theka la chiganizo n'kumalota lotsalalo, ndinakumbuka mavidiyo sho a ku Ndirande kumene DJ amakumasulira filimu yonse m'Chichewa, ndinati bola akanatibwerekako mmodzi. Chachitatu ndi kuzizira. Maola atatu utakhala malo amodzi hita osayatsa, mapazi amachita dzanzi, tengani jekete ngakhale kunja kuli dzuwa.

Mtengo nawo ndiuneneko. Tikiti ya zimenezi ndi yokwera kuposa ya filimu wamba, ine ndimalipira chapafupi kuwirikiza kawiri, ndipo kakhadi kanga ka umembala kamene kamandichotsera pa mafilimu ena apa anati sikagwira. Poyamba zinandiwawa. Koma nditawerengera sitima yopita ku London ndi kubwerera, tikiti ya ku West End (dera la maholo a zisudzo ku London), chakudya, mwinanso kogona poti sewero limatha usiku, ndinaona kuti ndalama ya tikiti ya kanemayo sikufika ndi pa sitima yokha. Za ku New York ndiye tisanene.

Sewero limene linandigwira mtima kwambiri si opera ayi, ndi Prima Facie mu 2022, lojambulidwa ku Harold Pinter Theatre. Munthu mmodzi yekha pa siteji, Jodie Comer, kupitirira ola ndi theka popanda buleki, akusewera loya amene ntchito yake ndi kuteteza amuna oimbidwa milandu yogwiririra, mpaka tsiku limene zamuchitikira iye mwini n'kukaima m'bokosi la mboni kufunsidwa mafunso omwe aja ankafunsa anzake. Amasuntha yekha matebulo, amasintha zovala pamaso panu, amakhala woweruza, mayi ake, wapolisi, zonse yekha, ndipo pena mvula yeniyeni imagwa pa siteji iye n'kunyowa. Apa ndiye kamera inathandiza, chifukwa mmene milomo imanjenjemera sukanaona uli mpando wakumbuyo. Ndipo chete uja ndimadandaula uja tsiku limeneli anali woyenera. Magetsi atayaka mayi wachizungu amene anakhala pambali panga, sitidziwana, anangondigwira dzanja n'kutuluka osanena kanthu. Ngati nkhani za nkhanza zotere zinakukhudzanipo ganizani kaye musanapite, ndi lolemera.

Za zojambulajambula ndinayesako kamodzi, filimu ya chionetsero cha wojambula zithunzi wakalekale Vermeer cha kunyumba yosungira zinthu zakale ya Rijksmuseum ku Amsterdam mu 2023, kumene anasonkhanitsa zithunzi zake 28 ndipo matikiti a kumeneko anatha msangamsanga. Kuona mkaka ukutsanulidwa mu chithunzi chachikulu ngati khoma kunali kokongola ndithu, koma akatswiri aja amayankhula motsitsa mawu kwambiri ndipo ndinali nditachokera ya usiku, ndiye theka lake ndinaonera m'maloto. Imeneyo sindingaiweruze.

Kwa amene mukufuna kuyesa, yambani ndi sewero la Chingerezi kapena opera yoseketsa, musayambe ndi zija za maola asanu. Werengani nkhani yake pa foni musanalowe kuti musamangodalira mawu a pansi. Funsani ngati ndi live kapena yobwereza, chifukwa yobwereza sidukaduka ndipo kawirikawiri amaiika pakati pa sabata masana, zomwe zimatikomera ife a mashifiti. Mpando sankhani wapakati chakumbuyo, kutsogolo khosi limapweteka ndi kuwerenga. Ana aang'ono asiyeni kunyumba.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi ya hita, sikirini yokhota ndi imelo yanga yodandaula imene mpaka lero sanayankhe. Bambo a kunyumba anati ulendo wina ndizipita ndi mnzanga yemweyo, iwo adzangobwera kudzatitenga pa galimoto ikatha.