Sitata ya Celica yanga anaikonza bwino ku Ulóngue

Toyota Celica yanga ndi ya 1992, anandisiyira malemu malume, ndiye ndimaisamala kwabasi. Mu June, kuzizira kwa ku Angónia kutafika povuta, inayamba kukana kulira m'mawa. Ukapotokola kiyi umangomva "ke!" kamodzi, injini zii, koma magetsi onse akuyaka bwinobwino.

Ndinayamba ndapita nayo pagalaja ina mumzinda wa Tete. Anangomvetsera kamodzi n'kunena kuti batire latha. Ndinagula latsopano, patangotha masiku atatu vuto lomwe lija. Ndalama imeneyo imandiwawabe.

Amene anandithandiza ndi bambo ena achikulire a kagalaja kakang'ono ku Ulóngue. Sanathamangire sipanala. Anayamba ayeza batire, linawerenga mavolti 12.6, kusonyeza kuti ndi lodzaza. Anapala mitu yake, n'kulondola waya wolumikiza batire ku thupi la galimoto kuti aone ngati wachita dzimbiri. Kenako anati, "Achimwene, tapotokolani kiyi," iwo akugogoda sitata ndi mpini wa hamala. Injini inalira pompo. "Mwamva? Matenda ali mu motor de arranque umu," kutanthauza sitata ija, kamota kolizira injini.

Ataimasula anandiitana kuti ndidzionere ndekha. Mu solenoidi, kachipangizo kamene kamayatsa sitata, muli timikuwa tiwiri tomwe timakhudzana ndi kambale kamkuwa kuti moto wa batire udutse n'kuzunguza sitata. Kamkuwa kamodzi kanali katadyeka mpaka kupyapyala ngati lezala, kali bii ndi kupsa. Anandifotokozera kuti masitata a kampani ya Denso a m'ma Toyota akale amakonda kuthera pamenepo. N'chifukwa chake kiyi imangoti "ke!": solenoidi ikukankha ndithu, koma moto sukudutsa.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sanandikakamize kugula sitata yatsopano, ngakhale ndinali nditakonzeka kale kutero. Anasintha timikuwato ndi kambale kaja, n'kutsuka m'kati monse, ndipo zotha zija anandipatsa m'manja. Zonse pamodzi ndinalipira 1,800 meticais.

Chodandaula changa ndi nthawi. Anandiuza kuti mawa, koma zipangizo zinachokera ku Tete pa chapa, galimoto inagona masiku atatu, ndipo foni sankayankha. Akanangondiuza zoona poyamba, sindikanayenda ulendo wachabe kawiri.

Papita miyezi iwiri tsopano. Ndapita nayo ku Zóbue n'kubwerako, ndipo ngakhale itagona panja usiku wonse pamame, ikulira ndikangopotokola kiyi kamodzi.