BM-800 ya ku Kamwala: maiki ilibe mlandu, koma wogulitsa uja!

Ndinagula maiki ya BM-800 mwezi watha ku Kamwala mu Lusaka, ija imabwera ndi mkono wopindika, kasiponji ndi waya wolowetsa mu laputopu. Mtengo wake ndi wotchipa kwambiri. Ine ndi mlamu wanga tikuyamba podikasiti ya mpira, tinkangofuna poyambira.

Mnyamata wa m'sitoloyo ndinamufunsa kawiri konse ngati pali china chofunika kugula. Iye, maso ali pa foni, "Amdala, ingolowetsani, igwira." Kufika kunyumba ku Mtendere, mawu anga akumveka ngati ndagwera m'chitsime, pamwamba pake kaphokoso ka sssii kosatha. Mawa lake ndinakweranso minibasi, maiki ili m'chola. Za kubweza ndalama anakaniratu, akuti katoni ndatsegula kale. Ndikanaiyesa bwanji osatsegula? Nditakweza mawu m'pamene anatembenuka n'kutsitsa kabokosi kopatsa maiki magetsi, kotchedwa phantom power ya 48V, amvekere, "Ichi ndiye chimafunika." Kanali pa shelefu pomwepo dzulo lake, kumbuyo kwa mutu wake! Kuwonjezerapo waya wa XLR wolumikiza maiki ndi kabokosiko, ndalama yonse inatsala pang'ono kufika pa mtengo wa maiki ziwiri. Pepani sanandipatse ngakhale mmodzi.

Kunena chilungamo, ndi kabokosiko mawu anatseguka. Cholakwa china chinalinso changa: masiku oyamba ndinkalankhulira kumutu kwake ngati maiki ya kutchalitchi, pomwe iyi imamvera cham'mbali, mbali yolembedwa dzina. Nditaitembenuza, mlamu anaseka, akuti ndikumveka ngati wa pa wailesi.

Kungoti maikiyi ndi ya mtundu wa condenser, womwe makutu ake ndi akuthwa kwambiri. Tambala wa aneba, ana akusewera panja, jenereta ya pometera tsitsi magetsi akathima, zonse zimalowa. Pano timajambula usiku anthu atagona, titapachika mabulangeti awiri pawindo ndi pachitseko, ndipo zimatuluka bwino ndithu. Mayi a kunyumba amati tasandutsa chipinda kukhala chisakasa.

Ngati mumakhala kukomboni ngati ine, sungani ndalama pang'ono mugule maiki ya mtundu wina wotchedwa dynamic, monga Samson Q2U. Ili ndi USB ndi XLR, sifuna 48V, ndipo ukaiyandikiza pakamwa phokoso la panja silivuta kwambiri.

Maikiyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu. Sitolo ija, ngakhale batire la rimoti sindikagulako.