Pulogalamu yoyang'anira makompyuta chigawikireni kampani yathu

Invoisi ya chaka chino ya laisensi ya pulogalamu yathu yoyang'anira makompyuta yafika, ndipo ndi imene yandikhazika pansi kuti ndilembe. Kampani yathu yogula nyemba ndi soya kuno ku Dedza inagawika pawiri eni ake atasiyana. Anzathuwo anatenga domain yakale, dzina la netiweki ya kampani, ndi seva yake, kompyuta yaikulu imene ena onse amalumikizanako. Ife tinakhazikitsa Active Directory yathuyathu, kaundula wa makompyuta ndi owagwiritsa ntchito, n'kusamutsirako pulogalamu imene timayang'anira nayo makompyuta a mu ofesi ndi a m'madepoti.

Zambiri zikuyenda. Ma update amapita okha, ndipo kompyuta ya ku Linthipe ndimaikonza ndili pa boma.

Chondisowetsa tulo ndi ka agent, kapulogalamu kokhala pa kompyuta iliyonse kamene kamalankhula ndi seva. Kanazolowera dzina la seva yakale, satifiketi yakenso yachitetezo inalembedwa m'dzina lomwelo. Tinasintha zonsezi, koma kakangolandira update kamabwerera ku dzina lakale lija. DNS yathu, imene imalozera makompyuta komwe dzina lililonse lili, silidziwa dzinalo, ndiye kompyutayo imangosowa pa sikirini yanga ngati yazimitsidwa, chonsecho ili yoyaka.

Zinandipweteka kwambiri nyengo yogula nyemba. Kalaliki wa ku Lizulu anaimba kuti, "Achimwene, malisiti sakutuluka, alimi adzaza pakhomo." Kulowa m'kompyuta yake ndili kuno kunakanika. Ndinakwera minibasi ndi fulashi m'thumba, n'kupeza azimayi atakhalira matumba awo, mphepo ya June ikuwomba, ena akuyamba kunyamula kuti akagulitse kwa mavenda. Vuto la pulinta linali la mphindi zochepa chabe. Tsiku lonse linathera panjira ndi pochotsa ka agent n'kukaikanso.

Ogulitsa pulogalamuyi a ku Lilongwe ndiwo andikhumudwitsa kuposa pulogalamuyo. Akuti laisensi inali m'dzina la kampani yakale, choncho ife ndife makasitomala atsopano, kuchotsera mtengo kumene tinkalandira kunatsala kwa anzathu. Mtengo amawerengera m'madola, ndipo chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zake n'zolemera kwa kampani yaing'ono ngati yathu. Za ka agent akuti tilipire kaye thandizo lapamwamba ndiye ationere.

Sabata imene makompyuta onse akuoneka ndimaiyamikira pulogalamuyi, moti kuisiya ndimachita mantha. Koma abwana ndawauza kuti tilipire laisensi ya chaka chimodzi chokha. Ndalama ya thandizoyo isatuluke mpaka katswiri wawo abwere kuno adzakonze, update idutse, kompyuta ya ku Lizulu ikadali pa sikirini.