Makuponi a feteleza kapena Mtukula Pakhomo?

Ndalama za boma sizingakwanire zonse, ndiye atati tisankhe chimodzi pa ziwirizi ine mtima wanga uli ku Mtukula Pakhomo.

Sabuside ya feteleza inabwera mu 2005 nthawi ya a Bingu ndipo tisanamizane, zaka zimenezo chimanga chinachulukadi, nkhokwe zinadzaza. Mu 2020 inabwera AIP, pulogalamu ina ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, thumba la feteleza linali K4,495. Koma feteleza amafuna mvula, amafuna munda, amafunanso mphamvu zolimira, nanga agogo amene akulera ana amasiye anayi miyendo ikuwawawa apindula bwanji? Ena amangogulitsa mwayi wawo kwa mavenda, ena kugona pamzere kudepoti masiku atatu, feteleza nkufika chimanga chili kale m'mawondo chitayamba chikasu. Zimandipweteka kwambiri zimenezi.

Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji mu 2006, amapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Inde ndalamayo njochepa, katundu akakwera mtengo imangothera panjira, komanso siichulukitsa chimanga m'dziko. Komabe mayi amasankha yekha, lero sopo ndi yunifomu ya mwana, ulendo wina kankhuku koweta, ena mpaka anagula mbuzi.