KoboToolbox kwa oyang'anira ophunzira a zaumoyo

Mbali ina ya ntchito yanga ndi kuyang'anira ophunzira a kuyunivesite omwe amabwera kudzaphunzira ntchito ya zaumoyo wa anthu. Pamene pamavuta ndi pomwe amwazikana m'makomo kukafunsa mafunso, woyang'anira uli wekha. KoboToolbox, pulogalamu yopangira mafomu a mafunso ndi kusonkhanitsira mayankho pa foni, yandipepukitsira ntchito imeneyi, koma osati yonse.

Anaiyambitsa mu 2005 Phuong Pham ndi Patrick Vinck, omwe ankachita kafukufuku m'madera a nkhondo, ndipo kwa zaka ndithu inali pansi pa Harvard Humanitarian Initiative, nthambi ya yunivesite ya Harvard ku America yoona za thandizo pa nthawi ya mavuto. Chiyambi chimenechi chimaonekerabe: wophunzira amadzaza fomu pa KoboCollect, pulogalamu yake ya pa foni, ngakhale kulibe netiweki, n'kudzatumiza madzulo akapeza intaneti. KoboCollect ndi ya mafoni a Android okha. Wa iPhone amadzaza fomuyo pa tsamba la intaneti, choncho funsirani kale mafoni omwe ophunzira anu ali nawo.

Chomwe ndimaikondera kwenikweni n'chakuti fomu imakana yankho losamveka nthawi yomweyo, wophunzira akadali pakhomopo. Tengani kuyeza mkono wa mwana ndi kalamba ka MUAC. Mwana wa miyezi 6 mpaka 59 yemwe mkono wake sukufika mamilimita 115 ndi wonyentchera kwambiri, ayenera kutumizidwa kuchipatala. Pa pepala, wina amalemba 11.5 poganiza masentimita, wina 115, winanso dzanja lake silowerengeka n'komwe, ndipo umadzazindikira patapita sabata mwanayo ali kutali. Mu Kobo ndimaika malire a nambala yovomerezeka, ndipo muyezo ukatsika pa 115 pamatuluka uthenga womwe ndinalemba ndekha, wouza wophunzira kuti asachoke asanafotokozere mayi wa mwanayo zoyenera kuchita. Mafunso a pathupi nawonso satuluka ngati wofunsidwayo ndi bambo. Zimaoneka zazing'ono, koma wophunzira wamantha pa tsiku loyamba amangowerenga chilichonse chomwe chili patsogolo pake.

Ndiye pali nkhani ya nthawi ndi malo. Fomu imatha kusunga nthawi yomwe inatsegulidwa ndi yomwe inatsekedwa, ndipo mukaikamo funso la GPS mumaona pa mapu pomwe inadzazidwira. Mafomu a makomo osiyanasiyana akaunjikana pa kadontho kamodzi, aliyense atatha pa mphindi zochepa, palibe chofunsanso: munthu anapeza mthunzi n'kudziyankha yekha. Ine ndimawauziratu ophunzira kuti zimenezi ndimaziona. Kuwatchera msampha mwakachetechete sindikuona phindu lake, anabwera kudzaphunzira.

Kupanga fomu yaifupi n'kosavuta. Yaitali, ya zilankhulo ziwiri, ndi bwino kuilemba mu Excel motsatira XLSForm, ndondomeko yolembera mafomu otere, ndipo pamenepo pamafunika kudekha chifukwa dzina la funso likalakwika chilembo chimodzi fomu siitheka. Muiyese nokha kaye fomuyo musanapatse ana a eni ake.

Samalaninso ndi zinsinsi za anthu. Wophunzira aliyense akhale ndi akaunti yake, ndipo mumupatse chilolezo choona mafomu ake okha. Mayina a odwala ine sindilola kuti alowe mu fomu, timagwiritsa ntchito manambala.

Chomwe Kobo singakuuzeni ndi momwe wophunzira analowera pakhomo. Kodi anapereka moni? Anapempha chilolezo bwinobwino, kapena anangodina poti "wavomera"? Funso la matenda opatsirana pogonana analifunsa apongozi ali pomwepo? Fomu yoteroyo imafika yoyera, nthawi yake yokwanira, GPS ili pamalo pake. N'chifukwa chake aliyense ndimamuperekezabe pa makomo angapo oyambirira, ine n'kukhala chete kumbuyo, zokonza tikukambirana panjira tisanafike pa khomo lotsatira.