Ndachoka ku kampani yomwe inkasunga webusaiti yanga

Ndakhala ndi kampani iyi ya hosting (yosunga mawebusaiti pa makompyuta ake otchedwa seva) chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, ndipo sabata yatha ndasamuka. Dzina lake sinditchula, koma zimene ndinaona ndizifotokoza momwe zinachitikira. Webusaiti yanga ndi yaing'ono. Ndimaphunzitsa masamu kudzera pa intaneti, ndipo makolo amalembetsa ana awo pa fomu yomwe ili patsamba loyamba. Inapangidwa ndi WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, masamba ake sakwana 20, ndipo mavidiyo onse ndimaika ku YouTube. Palibe chomwe chikanalemetsa seva ya munthu.

Poyamba zinali bwino, ndivomereze. Ndinalipira, pasanathe ola anali atanditumizira zolowera mu cPanel, tsamba loyendetsera zinthu zanga pa seva yawo, ndipo WordPress inalowa ndi kungodina kamodzi. Miyezi iwiri yoyambirira sindinadandaule kalikonse.

Patsamba lawo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti seva zawo zimakhala zoyaka 99.9 peresenti ya nthawi. Ine masamu ndiyo ntchito yanga, ndiye ndinawerengera. Mwezi wa masiku 30 uli ndi mphindi 43,200, ndipo gawo lotsala la 0.1 peresenti ndi mphindi 43 zokha. Limenelo ndilo lonjezo: webusaiti isazime kupitirira mphindi 43 pamwezi. Makolo atayamba kundiuza kuti tsamba silikutseguka madzulo, ndinalembetsa ku UptimeRobot, yomwe imayendera webusaiti mphindi 5 zilizonse n'kukutumizira imelo ikapeza kuti yagwa. Mwezi woyamba kuyeza, nthawi yomwe webusaiti inali chigonere inapitirira maola 9. Ndipo inkagwa nthawi yoipitsitsa, madzulo, pamene makolo aweruka kuntchito ndipo agwira foni kuti alembetse mwana.

Nthawi zina pankatuluka nambala ya cholakwika 503, nthawi zina 508, nthawi zina uthenga wa WordPress wonena kuti yalephera kulumikizana ndi database, nkhokwe yosunga zolembedwa za webusaiti. Pa hosting yotsika mtengo yotere, mawebusaiti ambirimbiri amakhala pa seva imodzi, onse akugawana mphamvu ya makina amodzi. Zimenezi pazokha si mlandu, aliyense amene amagula zotere amadziwa kuti ali m'nyumba yogawana ndi anzake. Mlandu umabwera pamene mwini nyumbayo wadzaza anthu kupitirira muyeso, kenako n'kumauza aliyense payekha kuti vuto ndi iyeyo.

Koma makina amafa, zimenezo ndikanazipirira. Chomwe chandichotsa ndi anthu awo achithandizo.

Amati amayankha usana ndi usiku. Tikiti yanga yoyamba, ndiye kuti uthenga wopempha thandizo, ndinailemba mosamala: ndinaika nthawi yeniyeni yomwe webusaiti inagwa, nambala ya cholakwika, ndi chithunzi cha lipoti la UptimeRobot. Yankho linafika patatha maola 14, ndipo linali loti ndifufute cache ya browser yanga (zomwe pulogalamu yotsegulira masamba imasunga pa kompyuta) ndiyesenso. Munthu amene wawerenga tikitiyo sangayankhe choncho, chifukwa UptimeRobot siyendera webusaiti kuchokera pa kompyuta yanga. Ndinafotokozanso. Anayankha munthu wina, nayenso n'kundifunsa kuti vuto ndi chiyani, ngakhale zonse zinali pamwamba pomwepo. Wachitatu anati ndizimitse mapulagini onse, timapulogalamu towonjezera pa WordPress. Ndinazimitsa, ndinasiya webusaiti ili mbulanda kwa masiku awiri, ndipo inagwabe madzulo onse awiri. Wachinayi anati ndigule phukusi lokwera mtengo. Palibe ngakhale mmodzi amene anatsegula malogi (kaundula wa zochitika) a seva n'kundiuza chomwe chinachitika pa nthawi yomwe ndinatchula. Komanso ukachedwa kuyankha masiku awiri, tikiti imadzitsekera yokha n'kulembedwa kuti vuto latha.

Kenako inabwera nkhani ya satifiketi ya SSL, ija imachititsa kuti adiresi iyambe ndi https. Yaulere ya bungwe la Let's Encrypt yomwe ankagwiritsa ntchito imatha pa masiku 90, ndipo seva imayenera kuitenganso yokha isanathe. Yanga sinatengedwenso. Kwa masiku atatu, aliyense wotsegula tsamba langa ankalandiridwa ndi chenjezo loti malowa si otetezeka. Tangoganizani kholo lomwe likufuna kulemba dzina la mwana wake ndi nambala ya foni, n'kuona zimenezo. Atayankha, anandiuza kuti ndingagule satifiketi yolipira kwa iwo. Ndinakana, ndipo tsiku lachitatu yaulere ija inabwerera popanda wondiuza chomwe chinalakwika.

Maimelo nawo anali ndi zawo. Fomu ikadzazidwa, imayenera kutumiza uthenga kwa ine ndi kwa kholo. Mauthenga ambiri ankathera mu spam, ena ankabwezedwa. Nditawerenga uthenga umodzi wobwezedwa, ndinapeza kuti adiresi ya IP ya seva yathu ili pa mndandanda wa Spamhaus wa maadiresi otumiza spam, kutanthauza kuti mnzathu wina wa pa seva yomweyo ankatumiza zinyalala, ndipo tonse tinadetsedwa naye. Ndinapezanso kuti DKIM sinali yoyatsidwa pa domeni yanga (dzina la webusaiti yanga pa intaneti) komanso SPF inali yolembedwa molakwika, pamene Gmail kuyambira February 2024 imafuna kuti wotumiza aliyense akhale ndi imodzi mwa njira ziwirizi zotsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa mwini wake. Izi ndinakonza ndekha usiku wina, ndikuwerenga malangizo a Google.

Chomwe chinandiswa mtima chinachitika mwezi wathawu. Ndinadzuka m'mawa, webusaiti ikutseguka bwinobwino, koma nditalowa mkati ndinapeza kuti yabwerera m'mbuyo masabata atatu. Tsamba la ndondomeko ya maphunziro lomwe ndinali nditangolemba kunalibe. Mayina a ana onse omwe analembetsa m'masabata amenewo kunalibe. Ndipo chifukwa cha vuto la maimelo lija, ena mwa mayinawo sanandifikeko n'komwe mu imelo, anali mu database mokhamo.

Phukusi langa linkati pali bakapu ya tsiku ndi tsiku, ndiye kuti kukopera webusaiti yonse n'kuisunga padera. Ndinalemba tikiti ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti abwezeretsa ya dzulo lake. Mayankho awiri oyamba anali oti kumbali kwawo zonse zikuoneka bwino. Pa tsiku lachitatu ndinayankhidwa ndi mayi wina wa gulu lawo la akatswiri, ndipo mayi ameneyu ndimuyamikire, chifukwa ndi yekhayo m'chaka chonse amene anandiuza zoona. Anati disiki ya seva inawonongeka, mabakapu a tsiku ndi tsiku ankasungidwa pa makina omwewo ndipo anapita nawo limodzi, ndiye chomwe anali nacho kwina chinali chakale masabata atatu. Anapepesa popanda kuzungulira. Ndikanauzidwa zimenezi tsiku loyamba, ndikanayamba nthawi yomweyo kufunafuna makolowo m'malo modikira chinthu chomwe kulibe. Kampani yonse inadziwa kuti seva yawonongeka, koma sinatumize uthenga kwa ife makasitomala. Nditabwerera ku mgwirizano womwe ndinavomereza polembetsa, ndinapeza kachiganizo kakuti bakapu amangotichitira mwaulemu ndipo udindo wosunga zinthu ndi wa kasitomala. Patsamba lotsatsa malonda mawu amenewa palibe.

Kusamuka kunandidyera sabata. Mafayilo ndinakopera onse, makamaka chikwatu cha wp-content, ndipo database ndinaitulutsa ndi pulogalamu ya phpMyAdmin. Ndinatsitsa TTL ya DNS (nthawi yomwe makompyuta ena amakumbukira adiresi ya seva yanga) kufika pa masekondi 300 tsiku limodzi ndisanasinthe, kuti alendo asachedwe kulondoleredwa ku seva yatsopano. Chovuta chinali domeni, poti ndinaigula kwa iwo omwewo. Kuti uisamutse pamafunika nambala yachinsinsi yotchedwa EPP code, ndipo anandipatsa patatha masiku 5 ndi matikiti atatu, pakati pake akunditumizira mauthenga ondinyengerera kuti ndikhale. Mwayi wanga unali woti domeniyo inali yakale, chifukwa malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira madomeni, amalola kampani kukana kusamutsa domeni m'masiku 60 oyamba chiigulireni. Pano domeni ili ku kampani ina, hosting ku ina, ndipo pulagini ya UpdraftPlus imatumiza bakapu ku Google Drive yanga usiku uliwonse. Ndayesa kale kubwezeretsa imodzi kuti ndione ngati imagwiradi ntchito.

Ndinapempha kuti andibwezere ndalama za miyezi yomwe lonjezo la 99.9 peresenti linasweka. Anati angandipatse masiku owonjezera pa hosting yawo yomweyo, osati ndalama, ndipo ndinawakana. Kwa munthu amene webusaiti yake imalandira mayina, maoda kapena malipiro a anthu, kampani iyi sindingamulozere.

Mwa makolo omwe mayina a ana awo anasowa, ambiri ndinawapeza kudzera m'mauthenga a pafoni ndipo analembetsanso. Anayi sindinathe kuwapeza msanga. Awiri anandiimbira okha akudabwa kuti bwanji sindinawayankhe, ndipo ana awo ayamba maphunziro Lolemba lapitali. Awiri enawo pomwe ndinkawapeza anali atapeza kale mphunzitsi wina.