Amkhalapakati a m'mudzi kuno ku Mulanje, ntchito amaitha koma kuchedwa kwake eee

Amene muli ndi nkhani ya malire a munda nde mukuganiza zothamangira ku khothi ku boma, tayesani kaye amkhalapakati a m'mudziwa. Ife anatithandiza pa mkangano wa mayi anga ndi asuweni awo, nde ndati ndikuuzeni mmene sevisi yawo ilili.

Akuno mukudziwa kale kuti malo ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi ochepa, ambiri abwino ali ndi maesiteti a tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, nde kamunda ka mizere yowerengeka kamadanitsa anthu a mbumba imodzi. Kwathu zinafika poipa namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, nkhadze ndi vetiva zomwe zinali m'malire zinakokoloka, madzi ataphwa aliyense kumaloza pake.

Chomwe chinandigwira mtima nchakuti sanayambe nkutikhazika pamodzi ayi. Anabwera awiri, bambo ndi mayi, kumva kaye mbali ya mayi anga paokha, tsiku lina anapita kwa asuweniwo, ndipo zomwe anamva uko sanatiuzeko olo kamodzi ngakhale ine ndinayesetsa kuwafufuza mochenjera. Pochoka mayi anawapatsa nanazi, iwo anakana. Mayi zinawakhudza ndithu poti kwathu mlendo sachoka chimanjamanja, koma anthuwo anafotokoza bwinobwino kuti mbali inayo ikangowaona atanyamula kanthu kuchokera kwathu basi nkhani yafera pompo, palibenso angawakhulupirire. Ine kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti ukonso sakalandira kalikonse, mtima unakhala pansi.

Kubwalo kwa amfumu mumadziwa mmene zimakhalira, chabwalo ulipire, mudzi wonse ukumvetsera, pamapeto wina wawina wina waluza nde woluzayo manyazi amamukhalira zaka. Sikuti ndikunyoza mafumu ayi, koma nkhani ya pachibale pamenepaja imakula. Amkhalapakatiwa sagamula. Anatikhazika m'kalasi Loweruka, mafoni onse kuthimitsa, wina akamayankhula winayo chete, ndipo amabwereza zomwe wanena nkukufunsa ngati akumva bwino. Poyamba zimandibowa koma mpomwe zinatulukira kuti vuto lenileni silinali mizere ija, unali mtengo wa mapeyala womwe anabzala agogo, mavenda akabwera kudzagula ndalama imathera mbali imodzi, anthu kusunga mangawa osanena. Kenako tonse tinapita kumundako ndi amalume monga eni mbumba, tinabzalanso nkhadze, za mapeyala anagwirizana okha kuti azigawana pakati. Zinalembedwa papepala, aliyense kope yake, osadziwa kulemba anadinda chala, amfumu anadzangoikira umboni.

Ndalama sanatilipiritse. Koma kuchedwa kwake abale! Anthuwa ndi ongodzipereka, nawonso ali ndi minda ndi maliro awo, nde mumapangana tsiku iwo osabwera, kuwaimbira foni yathima, mayunitsi ako kumangotha. Chinanso alibe mphamvu yokakamiza munthu, mnzako akati sindibwera ndekuti sabwera basi, ndipo pepala lija limagwira ntchito ngati nonse mukufuna. Zikakanika nkhani imapitabe kwa mafumu, lamulo la malo a makolo la 2016 linaika mabwalo a milandu ya malo otsogozedwa ndi a T/A. Za kumenyana kapena nkhanza za m'banja anatiuziratu kuti sagwira, zimenezo nza ku polisi ku Victim Support Unit.

Ngati mukuwafuna pitani mukangokolola, musadikire Okotobala aliyense atagwira khasu mitima ili m'mwamba, ndipo musaiwale kutenga wamkulu amene anaona malire akale ndi maso ake.